Maso a Nkhono ndi Masamu a Pamzere

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu umatuluka msanga m'kamwa mwa munthu amene wakhala kuseri kwa tebulo, ndipo umagwera amene aima kutsogolo kwake. Mwafika m'bandakucha, dzuwa lafika paliwombo, miyendo yachita dzanzi, mukati mufunse kuti kodi zinthu zili pati, yankho lake ndi lomwelo: dekhani. Ine mwambiwo sindiutsutsa. Chimene ndimakana n'chakuti azipatsidwa munthu amene si mwini wake. Taganizani za mwana amene wagwada pansi pa nthochi mvula itangokata, akufuna kuona nkhono ikutulutsa tinyanga take. Saigwedeza, saigogoda chigoba, sayang'ana kumbali. Kudekha kwake n'kwa munthu wofuna kudziwa kanthu, maso ali tong'o. Kudekha kumene amatilamula pamzere n'kwina, n'kongoti khalani chete mpaka nthawi yanu ikwane. Mwini wake weniweni wa mwambiwu ndi uja wokonza mzere, amene ayenera kukhala pansi n'kuuyang'anitsitsa mpaka utamuululira khalidwe lake.

Alipo anthu amene anachitadi zimenezo, ndipo woyamba kutchuka anali wa ku Denmark. Agner Krarup Erlang anabadwa mu 1878, anaphunzitsa m'sukulu kwa zaka zingapo, kenaka mu 1908 analowa ntchito pa kampani ya matelefoni ya mumzinda wa Copenhagen. Masiku amenewo munthu akafuna kulankhula ndi mnzake pa lamya, ankayamba wadzera kwa wantchito wa kulikulu, amene ankalumikiza mawaya ndi manja. Eni kampani ankagona ndi funso limodzi: tiike mawaya angati, tilembe antchito angati? Mukachulutsa, ndalama zagona m'mawaya opanda ntchito. Mukachepetsa, oimba apeza njira zonse zili zodzaza. Poyamba Erlang analibe omuthandiza, choncho anthu ankamuona m'misewu ya Copenhagen ali ndi wantchito wonyamula makwerero, akutsikira m'maenje a mawaya kukayeza zinthu ndi manja ake. Mu 1909 anasonyeza kuti anthu akamaimba aliyense payekha, popanda kupangana, kuchuluka kwa oimba pa nthawi iliyonse kumatsata lamulo la masamu limene Siméon Denis Poisson wa ku France anali atalifotokoza kale mu 1837. Mu 1917 anatulutsa njira yowerengera kuti mwa oimba onse, ndi angati amene adzapeze mawaya onse ali otanganidwa. Njirayo inafalikira m'maiko ena, kuphatikizapo Britain. Iye anamwalira mu 1929, ndipo lero muyeso wa kuchuluka kwa ntchito pa njira za mafoni umatchedwa ndi dzina lake.

Chinthu choyamba chimene masamu amenewa amaphunzitsa chimamveka ngati bodza. Mzere umabadwa ngakhale pamene wothandiza anthu ali wachangu kuposa obwera. Titenge munthu mmodzi amene amatha kuthandiza anthu 10 pa ola, wina mphindi ziwiri, wina kotala la ola, koma tikaphatikiza zonse n'kugawa, mphindi 6 pa munthu. Anthu nawo azibwera mwachisawawa, aliyense payekha. Akamabwera 5 pa ola, avereji ya anthu opezeka pamalopo ndi munthu mmodzi. Akamabwera 8, pamakhala anthu 4. Akafika 9 pa ola, pamakhala 9. Akangoonjezekera pang'ono, kukhala 19 pa maola awiri, pamalopo pamakhala anthu 19. John Little wa ku America anatsimikiza mu 1961 lamulo lalifupi lolumikiza zinthu zitatu: chiwerengero cha anthu opezeka pamalo chimafanana ndi obwera pa ola kuchulukitsa ndi nthawi imene aliyense amathapo. Tikalitembenuza lamulolo, likutiuza kuti pa malo oyamba aja munthu amathapo mphindi 12, pa achiwiri theka la ola, pa achitatu ola lathunthu, pa achinayi maola awiri, zonsezi pa ntchito ya mphindi 6. Wothandiza ndi yemweyo, manja ake sanafooke, ndipo tikawerenga za tsiku lonse obwera sanapose mphamvu zake.

Chifukwa chake sichovuta. Pa ola limene kwabwera anthu ochepa, wothandiza amakhala manja lende, ndipo mphindi zimenezo sangazisunge kuti adzazigwiritse ntchito masana. Madzi akatayika saoleka. Koma pa ola limene kwabwera anthu ambiri, otsalira sachoka, amadikira, ndipo obwera pambuyo amawapeza. Nthawi yopuma imatayika pomwe ngongole ya ntchito imasungika. Kuti ngongoleyo ibwezedwe pamafunika mpata wa ntchito yochepa, ndipo mpatawo ukamachepa, ngongole imachedwa kutha. Apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi akuluakulu a pantchito amene amadana ndi kuona wantchito atakhala chete ngakhale kamphindi. Akamudzaza ntchito mpaka m'khosi amaona ngati apulumutsa ndalama. Mtengo wake sunafafanizike, wangosamukira m'miyendo ya anthu oima panja, amene nthawi yawo silembedwa m'buku lililonse la kampani.

Zonsezi zili choncho pamene anthu akubwera mmodzimmodzi, malo odikirira alibe malire, ndipo wothandiza sachoka pampando. Moyo suli wotero, ndipo wofuna kuona kusiyana kwake apite pachigayo Loweruka m'mawa. Amayi a mudzi umodzi sanyamuka aliyense payekha. Amaitanizana, amasenzetsana madengu, amafika asanu nthawi imodzi, fumbi lili mbuu m'mapazi. Asanatule n'komwe, ngolo yafika ndi matumba 10 a munthu amene ali ndi chinkhoswe mawa. Wofika pambuyo amafunsa kuti, "Omaliza ndani?" n'kuika chidebe chake kumbuyo kwa cha mnzake, pakuti pachigayo zimafola ndi ziwiya, eni ake ali pamthunzi. Kenaka theka la ola limatha osabwera munthu.

Tibwerere ku malo aja a anthu 8 pa ola, pamene tinapeza avereji ya anthu 4. Anthu omwewo akamabwera m'magulu a asanuasanu, avereji imakwera kufika pa 12. Akamabwera m'magulu a anthu 10, imafika pa 22. Obwera pa tsiku sanaonjezeke ngakhale mmodzi, liwiro la wothandiza silinasinthe, changosintha ndi kabweredwe. Womaliza m'gulu amadikira anzake onse ngakhale gululo litapeza chigayo chili chopanda munthu, ndipo gulu lachiwiri likafika loyamba lisanathe, limalandira ngongole yonse yotsala n'kuunjikapo yake.

Pali kanthu kena kobisika m'magulumu kamene kamayambanitsa anthu awiri onena zoona. Tinene kuti tsiku lina kwabwera magulu 10. Magulu 9 ali ndi anthu awiriawiri, limodzi lili ndi anthu 32. Onse pamodzi ndi anthu 50, ndipo mwini malo akagawa apeza kuti avereji ndi anthu 5 pa gulu. Iye anena kuti tsiku linali labwinobwino. Koma funsani anthu 50 aja mmodzimmodzi. Anthu 32 mwa iwo akuuzani kuti kunali khwimbi losaneneka, chifukwa iwowo ndiwo anali m'khwimbimo. Mwini malo amawerenga magulu, obwera amawerenga anzawo owazungulira, ndipo gulu lalikulu lili ndi pakamwa pambiri pofotokozera zimene linaona. N'chifukwa chake m'masamu a mizere ya magulu avereji yokha sikwanira. Chimene chimalamula kudikira ndi kutalikirana kwa magulu aang'ono ndi aakulu. Dandaulo la anthu likamasiyana ndi zimene buku likunena, si nthawi zonse pamene anthuwo akukokomeza.

Magulu ena amapangidwa ndi mtunda. Basi ikaima, imatsitsa anthu onse nthawi imodzi, ndipo palibe angaisinthe. Koma ena timawapanga tokha. Ku Britain, mu 1952, Norman Bailey ndi mnzake Welch anafufuza za kudikira kwa odwala oyendera m'zipatala, pa nthawi imene kunali chizolowezi choitana anthu ambiri pa ola limodzi kuti dokotala asasowe womuona. Iwo anasonyeza kuti poitana odwala awiri poyambirira, kenaka mmodzimmodzi motalikirana ndi nthawi imene dokotala amatha ndi munthu mmodzi, dokotala sataya nthawi yochuluka koma odwala amapulumuka kudikira kwakukulu. Papita zaka zoposa 70, ndipo m'maofesi ambiri padziko lapansi chikalata choitanira anthu chimanenabe ola limodzi kwa onse. Wolemba chikalata chotero wapanga khwimbi ndi cholembera chake, ndipo mawa lake adzauza khwimbilo kuti lidekhe.

Tsopano za kuchoka kwa wothandiza, kumene akatswiri amakutcha tchuthi. Pachigayo paja, dengu lomaliza likatha, wachigayo sakhala pansi kuyang'ana njira. Amazimitsa injini, amasintha sefa, amakunga lamba, amathira dizilo, mwina amapita kukadya. Mayi wofika pa nthawiyo apeza pakhomo pali zii, ndipo mwana wokhala pafupi amuuza kuti, "Achoka pang'ono, abwera posachedwa." Mu 1975 Yonatan Levy ndi Uri Yechiali a ku Israel analemba za nkhani imeneyi, ndipo chimene ankafunsa chinali cha momwe nthawi yopuma ya wothandiza ingagwiritsidwire ntchito ina. Sankanena za ulesi. Tchuthi cha m'masamu amenewa kawirikawiri chimakhala ntchito imene oima pamzere saiona. Maloboti a pamsewu akayaka ofiira kwa inu, ndiye kuti akuthandiza msewu wina. Foni ya m'manja imagoneka wailesi yake kwa tizigawo ta sekondi kuti batire isathe msanga, ndipo uthenga wofika pa nthawiyo umadikira kuti idzuke. Makina a m'fakitale amaimitsidwa kuti awathire mafuta. Pali wothandiza amene akabwerako n'kupeza palibe munthu amachokanso, ndipo pali wina amene amachoka kamodzi kokha kenaka n'kukhala kudikira. Pali amene sachoka mpaka mzere wonse utatha, pali amene amathandiza okhawo anawapeza pobwera, otsalawo adikire ulendo wina. L. D. Servi ndi S. G. Finn anaonjezerapo mu 2002 wothandiza amene sachokeratu, koma amagwira pang'onopang'ono uku akuchita zina.

Mu 1985 S. W. Fuhrmann ndi R. B. Cooper anafotokoza chinthu chokongola kwambiri pa nkhaniyi. Malo odikirira akakhala opanda malire, kudikira kwa munthu kumagawika pawiri mwaukhondo: kudikira kumene akanadikira wothandiza akanakhala kuti sachoka, kuphatikizapo kachidutswa kena kochokera ku tchuthi chokha. Kwa wothandiza uja wochokanso akapeza palibe munthu, kachidutswako ndi nthawi yotsala ya tchuthi imene munthu wofika mwachisawawa amaipeza. Ndipo apa mpamene pali phunziro limene ndimafuna aliyense woyang'anira ntchito atalimva. Wothandiza akamachoka mphindi 10 ndendende ulendo uliwonse, zimene waonjezera pa kudikira kwa anthu ndi mphindi 5. Koma tinene kuti pa maulendo 10, maulendo 9 amachoka mphindi 5 zokha, ulendo umodzi n'kuchoka mphindi 55. Avereji ikadali mphindi 10. Akafunsidwa anganene moona mtima kuti sachedwa, ndipo maulendo 9 mwa 10 amuchitira umboni. Komabe zimene waonjezera pa kudikira kwa anthu tsopano zapitirira mphindi 16. Mwa mphindi 100 zimene iye kunalibe, 55 zili mu ulendo umodzi uja, choncho wofika ali ndi mwayi waukulu wogwera mu ulendo wautaliwo kusiyana ndi timaulendo tatifupi tija, ndipo akagweramo amadikira kwambiri.

Choncho chimene chimapweteka anthu si kuchoka kwenikweniko ayi, koma kuchoka kosadziwika malire. Munthu ayenera kudya, makina ayenera kuzizira, ndipo masamu satsutsa zimenezi. Amangonena kuti kupuma kofanana ndi kodziwika n'kotchipa, pomwe kupuma kumene lero n'kwakufupi mawa n'kwakutali kumadula kuwirikiza katatu ngakhale nthawi yonse yopumayo ili yofanana. Wolemba pachitseko ola limene abwerere, n'kubweradi pa olalo, wachitira anthu chifundo chimene chingathe kuyezedwa ndi wotchi.

Pali tchuthi china chimene chimachitika mwadala. Wachigayo cha dizilo safuna kuliza injini chifukwa cha kadengu kamodzi, ndiye amati, "Mayi, tadikirani anthu achuluke kaye." M. Yadin ndi P. Naor anawerengera njira imeneyi mu 1963: wothandiza asayambe mpaka odikira atakwana chiwerengero chakutichakuti. Mwini makina amapindula nayo ndithu, chifukwa kuyatsa ndi kuzimitsa kuli ndi mtengo wake. Koma wolipira ndi uja analawira, amene amadikira anthu osawadziwa, amene mwina sananyamuke n'komwe kwawo.

Chotsala ndi chitseko. Malo alionse odikirira ali ndi malire, kaya ndi mabenchi, mabedi a m'chipatala, malo oimika magalimoto, kapena kachipinda ka m'makina a intaneti kosungira mapaketi a uthenga amene akudikira njira. Malo akadzaza, wofika amabwezedwa. Pa malo a anthu 9 pa ola aja, mukaika malire a anthu 10, obwezedwa amakhala pafupifupi 5 mwa 100 alionse. Mukakulitsa kufika pa anthu 20, amatsika kufika pa 14 mwa 1,000. Apa kukulitsa malo kwathandiza. Koma tayesani pamene obwera ndi 12 pa ola, wothandiza akadali wa anthu 10. Malo a anthu 10 amabweza anthu 19 mwa 100, ndipo olowa amathamo mphindi pafupifupi 40. Mukamanga holo ya anthu 100, obwezedwa amangotsika pang'ono kufika pa 17 mwa 100, chifukwa mmodzi mwa anthu 6 alionse alibe manja omuthandiza ngakhale mutamanga chinyumba chotani. Chimene chasintha n'chakuti holoyo ikadzaza imakhala yodzazabe, ndipo wolowamo amathamo maola oposa 9. Mwaononga njerwa kuti mugule kudikira.

Zimenezi zinachitikadi pa intaneti. Zipangizo zosungira uthenga zitatchipa, opanga makina anayamba kuika malo aakulu odikirira m'marauta ndi m'mamodemu, poganiza kuti kutaya paketi ndi tchimo. Zotsatira zake zinali zakuti mapaketi ankafika onse koma mochedwa kwambiri, ndipo makompyuta otumiza, amene amachepetsa liwiro akaona kuti paketi yatayika, sankalandira chenjezo pa nthawi yake. Mu 2010 Jim Gettys anaulula vutoli n'kulitcha bufferbloat. Mankhwala ake anakhala kubweza ena msanga mzere usanatalike. Ndikudziwa kuti munthu si paketi, ndipo kubweza wodwala pachipata si nkhani yoiyankhula mopepuka. Koma kumulowetsa m'chipinda mmene sadzaonedwa mpaka dzuwa kulowa, pomwe akanauzidwa zoona akanatha kupita kwina, sindikutcha chifundo.

Gulu likakumana ndi chitseko pamabuka funso limene munthu mmodzi sabwera nalo. Malo atsala atatu, pakhomo pafika anthu asanu. Kodi alowe atatu, awiri abwerere, kapena abwerere onse? Akatswiri amawerengera njira ziwiri zonsezi padera. Kulowetsa ena kumadzaza malo onse ndipo kumabweza anthu ochepa, koma kumang'amba gulu, ndipo pali magulu amene akang'ambika alibenso ntchito. Uthenga wa pakompyuta wofika theka uyenera kutumizidwanso wonse, ndipo theka lolowa lija langodya malo pachabe. Kubweza onse kumasunga gulu, koma kumasiya mipando itatu yopanda munthu pomwe anthu akubwerera, ndiponso kumalanga magulu aakulu mobwerezabwereza, chifukwa gulu la anthu awiri limapeza mpata kawirikawiri pomwe la anthu 10 liyenera kupeza malo atatsala pang'ono kukhala opanda munthu. Lamulo n'limodzi kwa onse, koma kulemera kwake kumagwera mbali imodzi.

Zitatuzi zikakumana, magulu, tchuthi ndi chitseko, masamu amasiya kukhala aukhondo. Kugawika pawiri kuja kwa Fuhrmann ndi Cooper sikugwiranso, ndipo chifukwa chake chimaoneka ndi maso. Wothandiza ali kutchuthi, malo akudzaza popanda wotuluka. Gulu lalikulu lafika, lapeza malo atsala ochepa, labwezedwa. Wothandiza pobwera apeza ntchito yocheperapo kusiyana ndi imene ikanakhalapo, aimaliza msanga, n'kuchokanso msanga, ndipo kuchoka kumeneko kukonzera gulu lina tsoka lomwelo. Chilichonse chikukoka chinzake, moti simungathe kuwerengera chimodzi pachokha n'kudzaphatikiza pamapeto.

Njira imene akatswiri amatulukira m'nkhalango imeneyi ndi imene imandikumbutsa mwana uja ndi nkhono yake. Mu 1951 David Kendall wa ku Oxford anasonyeza kuti simuyenera kuyang'ana mzere nthawi zonse. Sankhani nthawi zapadera, monga pamene munthu wangomaliza kuthandizidwa, kapena pamene wothandiza wangobwera kutchuthi. Pa nthawi zimenezo zakale zonse zilibenso mphamvu. Chofunika kudziwa n'chimodzi, kuti pamalopo patsala anthu angati, ndipo kuchokera pa chiwerengero chimenecho mungathe kuwerengera mwayi wa chiwerengero chimene mudzapeze pa nthawi yapadera yotsatira. Maganizo a unyolo wotere, umene mphete iliyonse imadalira yapambuyo pake yokha, anachokera kwa Andrey Markov wa ku Russia. Popeza malo ali ndi malire, ziwerengero zotheka nazo zili ndi malire: palibe munthu, mmodzi, awiri, mpaka kudzaza. Mumalemba mwayi wochoka pa chilichonse kupita pa chinzake, n'kufunsa kuti zinthu zikayenda nthawi yaitali zidzakhazikika pati. Kendall yemweyo anapereka mu 1953 kalembedwe kachidule ka zilembo kotchulira mtundu uliwonse wa mzere, kamene kakugwirabe ntchito. David Cox anabweretsa njira ina mu 1955, yosunga m'masamumo nthawi imene ntchito yapakati yatha kale. Marcel Neuts anakonza mu 1981 njira zoti kompyuta izitha kuwerengera mizere yovuta, Tony Lee analemba mu 1984 za mzere wa malire wokhala ndi tchuthi, ndipo Hideaki Takagi wa ku Japan anasonkhanitsa zambiri mwa zimenezi m'mabuku ake a 1991 ndi 1993.

Chimene chimatuluka kumapeto si chiganizo chimodzi chokoma choti munthu n'kuchiloweza. Ndi matebulo a manambala: malo akakhala akuti, magulu akakhala otere, tchuthi chikakhala chotalika chonchi, odikira adzakhala angati, adzadikira nthawi yotani, obwezedwa adzakhala angati. Ena amaona ngati kumeneku n'kugonja kwa masamu. Ine ndimaona kuti n'kukhulupirika. Matebulowo amakakamiza wokonza malo kuona mtengo wa chilichonse chimene wasankha, ndiponso kuona amene adzaulipire. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo phindu la masamu amenewa ndi lomwelo, kuti munthu angathe kuyesa benchi yoonjezera, ola lina lopumira, kapena kaitanidwe kena ka anthu papepala, asanayesere pa anthu amoyo.

Masamuwa ali ndi pofooka pake. Ambiri amayamba ndi kuganiza kuti obwera sapangana, kuti mawa lidzafanana ndi lero, ndiponso kuti wofika kale ndiye woyamba kuthandizidwa. Koma kumapeto kwa mwezi si pakati pa mwezi, ndipo pali mizere ina imene wodziwika amalowera kukhomo la kuseri. Anthu amatopanso n'kuchoka okha, nkhani imene Conny Palm wa ku Sweden anayamba kuiwerengera kalekale pa oimba lamya otaya mtima. Ndipo wobwezedwa sasowa ngati utsi. Amabweranso mawa, mwina ndi mnzake, n'kukulitsa gulu la mawalo.

Wobwezedwayu ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi yekhayo amene saoneka m'kaundula. Buku la pakhomo limalemba olowa. Mukachepetsa malo, nthawi yodikira ya olowa imatsika, lipoti la mwezi limaoneka bwino, ndipo wina angayamikiridwe chifukwa chofupikitsa mzere pomwe wangousamutsira kuseri kwa mpanda. M'matebulo a akatswiri muli manambala awiri osiyana a obwezedwa, mwayi woti gulu libwezedwe ndi mwayi woti munthu mmodzi abwezedwe, ndipo pamene magulu aakulu ndiwo akubwezedwa kawirikawiri, yachiwiriyo imaposa yoyamba. Pa tsiku lija la magulu 10, kubweza gulu limodzi lokha la anthu 32 kungalembedwe kuti tabweza limodzi mwa magulu 10. Kungalembedwenso kuti tabweza anthu 64 mwa 100 alionse. Kuti nambala yachiwiriyi ipezeke, pamafunika munthu woima kunja kwa chitseko ndi cholembera, wowerenga mitu ya amene akutembenuka.